Voti Imene Ndinamanitsa Mwana Wanga

Ine sukulu ndinalekera sitandade 5, ndipo ndinene pano kuti sindinathamangitsidwe ayi. Ndinachoka ndekha nditaona kuti aphunzitsi ayamba kubwereza zimene ndinkadziwa kale. Amene amanena kuti ndinagwidwa ndi usipa m'thumba la kabudula m'kalasi ndi anthu ansanje, ndipo ambiri a iwo anatisiya kale. Kuchokera pamenepo moyo wanga wonse wathera pa doko kuno ku Senga Bay, poyamba kukoka khoka, ndipo msana utayamba kukana, kusoka maukonde a eni ake. Ndiye mukamva kuti nkhalamba ngati ine inaponya voti pa nkhani za makompyuta, musathamangire kuseka. Ndinaponyadi. Amene sanaponye ndi mwana wanga, amene zinthuzo amazidziwa, ndipo anamumanitsa ndine.

Mwanayo ndi wamkazi, womaliza kubadwa, mphunzitsi wa masamu ndi kompyuta pa sekondale ina yoyendera cha kumtunda kuno. Amakhala nafe pakhomo. Ndikafuna kumuputa ndimamuitana kuti "aphunzitsi", iye n'kuyankha ngati akuyankha mwana wa fomu 1 amene sanachite homuweki.

Zaka zingapo zapitazo anabwera ndi nkhani yakuti kuli anthu amene akupanga chilankhulo cholamulira kompyuta m'Chichewa. Anandifotokozera kuti kompyuta payokha ndi chitsiru, sichita kanthu pokhapokha utailembera malamulo mzere ndi mzere, ndipo malamulowo amalembedwa ndi mawu a Chingerezi. Ana ake m'kalasi amakhala akumenyana ndi zilombo ziwiri nthawi imodzi, Chingerezi ndi makina. Ndiye anthu aja anati tiyeni tipange chathu, choti mwana akalemba kuti "bwereza kasanu", makinawo abwerezedi kasanu.

Ndinafunsa funso limene munthu aliyense wa mutu wabwino angafunse: mwini wake ndani? Anati palibe. Anati chinthucho chili poyera pa intaneti ngati ukonde woyanikidwa pa mchenga. Aliyense akhoza kuchitenga, kuona mmene chinalukidwira, akapeza pong'ambika n'kusoka, ndipo akasoka bwino anzake amalandira chigambacho n'kuchiika mu ukonde wa onse. Anasankha dala chitsanzo cha ukonde kuti andikope, koma analakwitsa munthu. Ine ndasoka maukonde mpaka zala kupindika, ndipo wopanda mwini sindinauonepo. Ndinamuuza kuti mwini wake alipo, wangobisala penapake, akudikira kuti mumalize kusoka.

Ndipo ndinali ndi munthu amene ndinkamuganizira. Tsiku lina masana ndinasuzumira pa laputopu ya mwanayo akukambirana ndi anzake, ndinaona nkhope ya mwamuna wina wa magalasi, wa ku Lilongwe, amene akuti ndiye anayambitsa zonsezi ndi anzake awiri. Ankalankhula mofatsa, osadula mnzake mawu, aliyense akamaliza n'kumuthokoza. Munthu wothokoza pafupipafupi chotero ine ndimamuyang'anitsitsa m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ndinkangomutcha wa magalasi.

Ntchito ya mwana wanga m'gululo inali iyi. Pa sukulu yake pali makompyuta akalekale a mphatso, ena amadzuka, ena anagona mpaka kale. Intaneti kulibe, magetsi amabwera akafuna. Chilankhulo chija chikasinthidwa, iye ankachitengera pa fulashi, kachitsulo kakang'ono kosungira za m'kompyuta, kuchiika m'makinawo, kuwapatsa ana kuti alimbane nacho, kenako n'kulembera anzake aja zonse zimene zathyoka. Analembanso kabuku kophunzirira. Koma m'kati mwenimweni mwa chinthucho, mmene iwo amati mu injini, iye sankalembamo. Ankati kumeneko kuli eni luso.

Ine ndinalowamo mosadziwa. Loweruka lililonse ankakhala pafupi ndi ine ndikusoka, n'kumandifunsa mawu. Bambo, malo amene umaikamo nambala kuti uzidzaitenganso, mungawatche chiyani? Ndinati dengu. Nanga malamulo angapo ukawamanga pamodzi kuti agwire ngati chinthu chimodzi? Ndinati imeneyo ndi mfundo, ngati iyi ndikumangayi. Nanga pamene pulogalamu yalakwika n'kutaya zonse? Ndinati chibowo, nanga nsomba zimathawira pati. Iye ankalemba n'kutumiza. Ine ndinkayesa ndi njira yake yondichezetsa kuti ndisapite kukasewera bawo. Malipiro anga anali tiyi, nthawi zina wopanda mkaka.

Gulu lija linakula, ndipo anthu akachuluka mukudziwa zimene zimabwera. Ena a m'tauni anayamba kunena kuti kusamalira makina akale kukuwachedwetsa, bola chilankhulocho chizigwira ntchito kudzera pa intaneti basi. Mwana wanga anandiuza kuti zikatero makompyuta ake asanduka mabokosi osungiramo fumbi. Mkangano utakula anagwirizana zosankha komiti ya anthu asanu yoti izigamula nkhani zotere. Apa m'pamene panabuka funso limene linatisowetsa mtendere pakhomo: oponya voti akhale ndani?

Lamulo loyamba linati avote okhawo amene analembapo mu injini. Tsiku limenelo mwanayo anafika kunyumba n'kuponya chikwama pa mpando, osapereka ngakhale moni wabwino. Zaka zonse zija zonyamula fulashi, iye analibe voti. Ndinati ndinakuuza, mwini ukonde watulukira. Anati ayi bambo, lamulolo abweretsa ndi ena, wa magalasi sananene kanthu. Ndinati ndiye basi, ndi yemweyo. Munthu wochenjera salankhula yekha, amatuma anzake iye n'kumapukuta magalasi.

Anakangana pa gulu lawo la pa foni kwa masabata, ndipo mwanayo ankandiwerengera zina ndikamukakamiza. Wina anati avote aliyense amene amagwiritsa ntchito chilankhulocho. Mnzake anafunsa kuti nanga tiwadziwa bwanji, tiziyenda khomo ndi khomo? Wina anati avote okhala m'Malawi muno okha, ndipo Mmalawi wina wa ku Joni, amene akuti amasoka kwambiri kuposa onse, analemba uthenga wautali moti foni inatentha. Panalinso wina amene anati avote a madigiri. Ameneyo ndinapempha kuti andipatse nambala yake, mwanayo anakana. Atatopa anagwirizana chonchi: avote aliyense amene chinthu chake chilichonse chalandiridwa mwezi umenewo usanathe, kaya ndi za mu injini, kaya lipoti la chothyoka, kaya kapulogalamu kachitsanzo. Mwana wanga analowa. Ndinati zili bwino, koma mtima wanga sunakhazikike. Chitseko chimene chinali chokhoma dzulo chikatseguka chonse lero, ine ndimayamba ndayang'ana kuseri kwake.

Sabata yomaliza ya mweziwo ndinamva mwanayo ali pa laputopu, mayi wina wa ku Mzuzu, amene ndiye ankasunga mndandanda wa ovota, akudandaula kuti maina atsopano akungomera ngati bowa. Anthu osadziwika, oposa makumi awiri, aliyense wabweretsa kapulogalamu kamodzi. Kena kongopereka moni. Kena kophatikiza ziwiri ndi zitatu. Kena kophatikiza zitatu ndi ziwiri. Timapulogalamuto tinalibe cholakwika, ndiye malinga ndi lamulo tinayenera kulandiridwa, ndipo eni ake onse anayenera kuvota.

Ndinaika singano pansi. Makompyuta sindiwadziwa, koma ichi ndinachidziwa ngati nkhope ya mkazi wanga.

Khoka, kwa inu amene simunakokepo, ndi ukonde waukulu umene amakauponya patali ndi bwato, zingwe zake ziwiri n'kutsala kumtunda. Anthu amaima m'mizere iwiri n'kumakoka, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Mwambo wa pa doko ndi wakuti aliyense amene wagwira chingwe sapita chimanjamanja. Mwambo wabwino, koma uli ndi alendo ake. Pali anthu amene amakhala pansi pa mtengo m'mawa wonse, maso ali pa madzi. Akaona kuti thumba la khoka layandikira, nsomba zayamba kuphiriphitha, amadzuka, kuvula malaya, kugwira chingwe kumapeto kwenikweni n'kumabuula kuposa amene anayamba m'mamawa. Ena amadzithira madzi kumaso kuti aoneke ngati atuluka thukuta.

Ndikudziwa bwino chifukwa ndinachitapo zoposa pamenepo. Ndili mnyamata ndinaona kuti gawo la munthu mmodzi likuchepa pakhomo pathu, ndiye ndinakauza asuweni anga asanu ndi mmodzi kuti adzabisale kuseri kwa mathandala oyanikapo nsomba, ndikakhosomola adzagwire chingwe. Ine ndinakoka moona kuyambira m'mawa. Ndinakhosomola, anabwera. Koma mkulu amene ankagawa nsomba sanali wa dzulo. Anafunsa aliyense kuti kutsogolo kwako kunali ndani, kumbuyo kwako kunali ndani. Asuweni anga anayang'anana. Anawapatsa ka ndiwo ka m'manja n'kuwauza kuti mawa alawirire ngati akufuna gawo. Ine, amene ndinawaitana, anandimana gawo lonse la tsikulo, zikhatho zili zotupa. Mawa lake anandilola kukokanso ngati palibe chinachitika. Nkhani imeneyi ndawasimbira ana anga kambirimbiri, chifukwa imaseketsa ukaisimba bwino, makamaka pa kukhosomola paja.

Ndiye ndinauza mwana wanga kuti awa ndi ogwira chingwe pomaliza, ndipo wawakhosomolera ndi wa magalasi. Akufuna adzaze komiti ndi anthu ake, atseke makina ako akalewo, kenako agulitse ukonde wonse kwa azungu. Mwanayo anangoti, "Mwina, bambo," maso ali pa laputopu.

Ndiyenera kuvomera kuti masiku amenewo panali zina zimene ndinaziona. Mwanayo ankachedwa kubwera kuchokera kusukulu. Loweruka anapita ku Salima kutauni osanena chokagula, n'kubwerako wopanda kanthu m'manja. Lamulungu lina anabwereka foni yanga akuti akaikonze, chonsecho sinali yowonongeka. Zonsezi ndinaziphatikiza bwinobwino, ndipo yankho limene ndinapeza linali lakuti pali mwamuna. Ndinauza amayi ake kuti akonzeke, tilandira alendo posachedwa. Amayi akewo anandiyang'ana n'kupitiriza kusankha mpunga.

Nkhani ya maina atsopano itavuta, gululo linaitanitsa msonkhano, ndipo anati uchitikire kuno ku Salima, pa sukulu ya mwana wanga, akutali alowe kudzera pa laputopu. Wa magalasi anafika Lachisanu masana, pa minibasi kenako pa kabaza, ndipo asanapite kogona anadzera pakhomo panga kudzandilonjera. Anabwera ndi buledi ndi shuga. Ndinalandira ndi manja awiri, mumtima ndikuti wayamba kugula mboni. Anakana mpando n'kukhala pa mphasa. Ndinayang'ana zikhatho zake, zosalala ngati za mwana wakhanda.

Anati wamva zambiri za ine. Ndinati zabodza zonsezo. Anaseka, n'kunena kuti gulu lawo lasokonezeka, sakudziwa kusiyanitsa amene wagwira ntchito ndi amene wangobwera kudzavota, chifukwa makina amangowerenga kuti uyu watumiza kanthu, sadziwa kulemera kwake. Apa ndinaona mpata. Ndinati ndimutchere msampha pamaso pake, ndione ngati nkhope isinthe. Ndinamufotokozera za khoka, za anthu a pansi pa mtengo, za madzi odzithira kumaso. Za asuweni anga sindinatchule, mlendo sumuuza zonse. Ndinati kwathu kuno sitiwerenga kuti manja angati akhudza chingwe. Timafunsa wa kutsogolo kwako ndi wa kumbuyo kwako. Anthu awiri amene unakoka nawo dzuwa lisanakwere akakuvomera, gawo ndi lako. Akasowa, landira ka ndiwo uzipita.

Ndikulankhula choncho mwana wanga anatulukira pakhomo la khitchini.

"Bambo, tiyi wanu akuzizira."

"Msiyeni azizire, aphunzitsi, ndikuphunzitsa anthu a ku Lilongwe."

"Alendo atopa, bambo. Nkhani za kudoko mudzawauza tsiku lina."

Ndinaganiza kuti akuchita manyazi ndi bambo wake wosaphunzira, ndiye ndinawonjezera dala. Wa magalasi anatulutsa kabuku n'kulemba. Nkhope sinasinthe ngakhale pang'ono. Anati lamulo limeneli ndi labwino kuposa onse amene akhala akukangana, ndipo akalipereka mawa, koma ndikabwere ndikalifotokoze ndekha. Atachoka ndinauza amayi a mwanayo kuti munthu uja ndi katswiri, ndamuika mpeni pakhosi iye n'kundithokoza. Mwanayo madzulo amenewo sanadye bwino. Ndinati ndi chikondi.

Loweruka m'mawa ndinavala jekete la ku maukwati. Msonkhano unali m'kalasi la makompyuta lomwelo, makina akale aja atafundidwa nsalu m'mbali mwa khoma. Amene anabwera ndi miyendo anali ochepa, ena onse anali timitu tating'ono pa laputopu imene anaiika pa tebulo la mphunzitsi. Anandipatsa mpando kutsogolo. Ndinafotokoza za chingwe, ndipo ndinafotokoza bwino, moti ngakhale wa ku Joni uja anaseka mpaka mawu ake kudukaduka. Anavomereza onse: wovota akhale amene anthu awiri akale m'gululo angamuchitire umboni kuti anagwira naye ntchito mwezi wa maina atsopano uja usanafike. Akale anachitirana umboni mosavuta. Mwana wanga anamuvomera anthu anayi nthawi imodzi. Ndinakhala mowongoka, ndikudikira kuti tsopano tione anthu a wa magalasi akugwa mmodzimmodzi.

Mayi wa ku Mzuzu anatumiza mndandanda wa atsopano aja, wa magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza.

Dzina loyamba ndinalidziwa. Anali mphunzitsi wa jogalafe wa pa sukulu yomweyo, bambo amene amaopa kompyuta ngati ili ndi mano. Ndinati mwina zangochitika. Lachiwiri linali la mwana wa mlamu wanga, amene amagulitsa zitumbuwa pa depoti ku Salima. Lachitatu la mnyamata wa kabaza amene amanyamula mwana wanga m'mawa uliwonse, bambo wa ana atatu amene sindinamuonepo atagwira cholembera. Lachinayi la mayi woimba naye kwaya. Jekete lija linayamba kunditentha. Pa dzina lililonse wa magalasi ankafunsa kuti alipo womuchitira umboni, osapezeka ngakhale mmodzi. Sindinayang'ane kumene kunakhala mwana wanga. Ndinkayang'ana bolodi, pamene panali masamu a dzulo osafufuta.

Kenako wa magalasi anaima pang'ono, anakonza magalasi akewo, n'kuwerenga dzina langa. Lonse, ndi la bambo anga lomwe. Akuti ndinatumiza kapulogalamu kowerenga nsomba kuyambira imodzi mpaka khumi, Lamulungu lija foni yanga inapita kokakonzedwa.

Wina pa laputopu anayamba kuseka n'kudziletsa. Mwana wanga anaimirira. Sanalire, sanazungulire. Anati anthu onsewo anawalembetsa ndi iye, timapulogalamuto analemba yekha, eni mainawo anangovomera kumuthandiza ndipo ena sanamvetse n'komwe chimene akuvomera. Anati anawerenga mndandanda n'kuona kuti a m'tauni, a intaneti yosaduka, ndi ochuluka, ndipo voti yake imodzi sikanaletsa kanthu. Analoza makina ofundidwa nsalu aja n'kunena kuti ana amene amakhala pamenepa alibe wina wowalankhulira. Anati akudziwa kuti analakwa. Anakhala pansi.

Apa m'pamene ndinamvetsa zonse. Masiku onsewa ndikusaka wokhosomola ku Lilongwe, chonsecho amadya nane mbale imodzi, ndipo luso lake analiphunzira pa khonde langa.

Mawu ena ochokera pa laputopu, a mnyamata wa m'tauni amene sindinamuone nkhope bwino, anati munthu wotere achotsedwe m'gulu mpaka kalekale, chifukwa akanapanda kugwidwa akanaba chisankho. Wina anati ayi, wagwira ntchito zaka zambiri, tingomukhululukira avote. Anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Wa magalasi anadikira mpaka atatopa, n'kutembenukira kwa ine.

"Madala, lamuloli mwatipatsa ndinu. Kudoko, munthu amene wakoka moona kuyambira m'mawa, koma n'kuitana abale ake kuti adzagwire chingwe pomaliza, mumamutani?"

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundinyoza. Nkhope inali yomwe ija. M'kalasi monsemo, kupatula mwana wanga, munalibe wina wodziwa za kudoko, ndikanatha kunena chilichonse n'kukhala mwambo. Ndipo bodza ine silindivuta, limabwera lokha ngati kuyetsemula. Ndinati aa, zimenezo n'zazing'ono, munthu wotero timangomuseka basi, gawo lake n'kumupatsa, nanga si wakoka.

"Bambo," anatero mwana wanga ali pa mpando wake. "Si mmene munkatiuzira."

"Aphunzitsi, nkhani zija zinali zongocheza."

"Munkati anakumanani gawo la tsiku lonse. Munkationetsa ndi zikhatho zomwe. Nenani mmene zinalili."

Ndakhalapo m'bwato mphepo ya mwera itatipeza pakati, koma sindinafunepo kutsika ngati mmene ndinafunira kutuluka m'kalasi lija. Ndinanena. Ndinasimba za asuweni anga, za mathandala, za kukhosomola, ndipo aka kanali koyamba kuisimba nkhaniyo popanda munthu kuseka. Ndinati oitanidwawo amalandira ka ndiwo n'kuuzidwa kuti mawa alawirire. Wowaitanayo amamanidwa gawo la tsikulo. Koma sathamangitsidwa pa doko, ndinatero mokweza ndikuyang'ana laputopu, mawa lake amagwiranso chingwe pamalo pake pomwe, ndipo nkhaniyo imathera pomwepo.

Anatsatira zimenezo. Anthu a mndandanda aja anati akhale m'gulu ngati akufuna, akagwira ntchito yooneka adzavota ulendo wina. Mwana wanga akhalebe membala, azilankhula pa misonkhano, azitumiza malipoti ake, koma pa chisankho ichi asavote. Iye anagwedeza mutu kuvomera. Voti imene anaimenyera masabata onse aja inapita choncho, ndi pakamwa panga.

Ndinkati zatha, ndikufuna chipewa changa, wa magalasi anati patsala dzina limodzi. Anati dzina la madalawa lalowa mwachinyengo inde, koma lamulo latsopano silifunsa kuti dzina lalowa liti, limafunsa ngati pali awiri amene anagwira nawo ntchito kale. Anati mawu akuti dengu, mfundo ndi chibowo, amene mwana aliyense wogwiritsa chilankhulochi amawalemba tsiku ndi tsiku, anachokera kwa ine, ndipo mwana wanga potumiza ankalemba nthawi zonse kuti awa anena ndi bambo anga. Wa magalasiyo anati iye ndiye mboni yoyamba. Mayi wa ku Mzuzu anati ndi yachiwiri, chifukwa ndiye anawalowetsa mu injini ndi manja ake, ndipo pa mawu a chibowo anakangana ndi anzake sabata yathunthu mpaka anapambana.

Ndinakana. Ndinati votiyo mupatseni mwanayu, ine kompyuta sindidziwa ngakhale poyatsira. Anati voti sapatsirana. Ndinati ndiye itayeni. Anati kutaya kapena kuponya ndi kufuna kwanga, koma pa mndandanda ndilipo. Ndinamuyang'ananso wa magalasi. Buledi, shuga, tsopano voti. Munthu ameneyu anandigula pang'onopang'ono, masana, anthu akuona, ndipo mpaka lero sindinapeze kuti ankafuna chiyani.

Pobwerera mwanayo anakwera kabaza wa kutsogolo, ine wa kumbuyo, ndipo sanacheuke mpaka kunyumba. Masiku atatu ankangondipatsa moni ndi tiyi. Amayi ake atamva nkhani yonse anandifunsa kuti alendo aja ndinkati tikonzekere afika liti. Tsiku lachinayi mwanayo anabwera kudzakhala pamene ndinkasoka, anatola singano ina n'kumaiyang'ana. Anati sanakwiye chifukwa cha lamulo lija. Anakwiya chifukwa ndinafuna kunama pamaso pa anzake kuti ndimupulumutse, ngati iye ndi mwana wosatha kusenza mlandu wake. Ndinati ndinaphunzira kwa aphunzitsi amene analembetsa wa zitumbuwa. Anafuna kuseka koma anadzigwira.

Tsiku lovota linali Lamulungu, titabwera kutchalitchi. Kuvotako kunali kwa pa foni, ndipo zilembo zake zinali ngati nyerere. Maso angawa amaona chibowo cha ukonde patali, koma za pa foni amakana. Panalibe wina wondithandiza koma yemwe ndinamumanitsa votiyo. Anakhala pambali panga pa khonde, foni yanga ili m'manja mwake, n'kundiwerengera maina a opikisana ndi zimene aliyense akulonjeza. Ndinasankha mayi wa ku Mzuzu. Ndinasankha wa ku Joni, chifukwa anaseka nkhani yanga. Ndinasankha ena awiri amene anati makina akale asatayidwe. Patsala mmodzi, mwanayo anati wa magalasi nayenso akupikisana, ndipo pa zaka zonsezi ndi iyeyo amene ankakonza msanga chilichonse chothyoka pa makompyuta a kusukulu kwake. Ndinati ndi nyambo imeneyo, ameneyo ayi, ika wina aliyense. Anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ndatsimikiza.

Chala chake chinagunda pa foni kangapo, mofulumira kuposa mmene maso anga akanatsatira. Anandibwezera.

"Mwavota, bambo."

"Wachisanu waika ndani?"

"Voti ndi yachinsinsi."

"Yachinsinsi kwa mwini wake?"

Ananyamuka n'kukalowa m'nyumba.

Wa magalasi analowa mu komiti. Akuti anadutsa mopapatiza, ndipo ine ndikamva mawu akuti mopapatiza ndimayang'ana foni yangayi. Ndafunsa mwanayo kangapo, mwaulemu ndi mwaukali, yankho ndi lomwe lija. Nkhani ya makina akale komitiyo sinaimalize, akuti akukambiranabe, ndiye pakadali pano fulashi ija ikuyendabe m'chikwama ndipo makompyuta amene amadzuka akudzukabe. Mphunzitsi wa jogalafe, modabwitsa, anayamba kukhala nawo m'kalasi la ana kuti aphunzire, akuti manyazi a tsiku lija anamulowa. Wa zitumbuwa sanabwerenso.

Chisankho china chikubwera, ndipo mwana wanga dzina lake lili pa mndandanda, mboni zake n'zochuluka kuposa zofunika. Langanso lilipo. Ndamuuza mdzukulu wa mnzanga wa bawo, mayi wamkulu ndithu wogwira ntchito ku chipatala, kuti ulendo uno adzandiwerengere ndiye, ndipo ndagula magalasi anga pa msika ku Salima, a mafelemu akuda. Mwana wanga atawaona anati ndikufanana ndi munthu wina wa ku Lilongwe. Ndinawavula, koma sindinawataye. Ali m'thumba la jekete.